Windsurfing pa Nyanja ya Malawi Nyengo ya Mwera: Mafunso ndi Mayankho

Mwezi wa Meyi ukamatha, mu Lilongwe mumayamba kuzizira m'mawa, fumbi n'kumauluka m'misewu. A zanyengo amayamba kuchenjeza asodzi za mwera pa wailesi, ndipo pamsika usipa umasowa chifukwa mabwato akhala pagombe. Nyengo yomweyo ndi imene okonda windsurfing amaidikira chaka chonse. Mafunso otsatirawa ndi amene amafunsa anthu a mumzinda muno amene anaonapo masewerawa pa TV kapena ku Salima n'kulakalaka kuyesa. Ena ayankhidwa mwachidule. Okhudza mphepo ayankhidwa motalika, chifukwa apo m'pamene pagona moyo wa munthu.

Kodi windsurfing n'chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi bwato la thanga?

Ndi masewera oyenda pamwamba pa madzi munthu ataimirira pa bolodi (chinthu chonga thabwa lalitali choyandama), manja atagwira thanga, mphepo n'kumamutenga. Palibe injini, palibe nkhafi, palibenso chiwongolero. Pa bwato la thanga mlongoti umaima nji, womangidwa ndi zingwe. Wa windsurfing sutero. Unalumikizidwa ku bolodi ndi kachipangizo kolimba kamene kamaulola kupendekera mbali iliyonse, moti mukautaya umagwera m'madzi pamodzi ndi thanga lake. Wouimika ndinu. Pogwira ndi pa boom, chitsulo chopepuka chozungulira thanga mbali zonse ziwiri, chimene chimamangidwa pa msinkhu wa pachifuwa kapena m'mapewa.

Kukhota nakonso kumachokera ku thanga lomwelo. Mukalipendeketsa cha kumbuyo kwa bolodi, mphuno ya bolodi imakhotera kumene mphepo ikuchokera. Mukalipendeketsa cha kutsogolo, imakhotera kumene mphepo ikupita. Zina zonse zimene munthu amaphunzira zimamangidwa pa mfundo ziwiri zimenezi.

Masewerawa anachokera kuti?

Anthu angapo anayesapo kuika thanga pa bolodi, monga Peter Chilvers ku England mu 1958 ndi Newman Darby ku America mu 1964. Koma amene anawafalitsa ndi Jim Drake ndi Hoyle Schweitzer a ku California, amene analembetsa luso lawo mu 1968. Masewerawa analowa pa Olimpiki mu 1984 ku Los Angeles, ndipo amayi anayamba kupikisana mu 1992 ku Barcelona. Pa Olimpiki ya 2024 anagwiritsa ntchito mabolodi a iQFoil, amene ali ndi phiko pansi pake lowanyamula m'mwamba, osakhudzanso madzi. Liwiro lalikulu kwambiri lakhala likupezeka mu Africa momwe muno, pa ngalande ya ku Lüderitz ku Namibia, kumene Antoine Albeau wa ku France anathamanga makilomita oposa 98 pa ola mu 2015.

Ndimaona kuti ku Ulaya amasewera kwambiri mu Sepitembala ndi Okutobala. Kwathu kuno nyengo yake ndi iti?

Kumeneko nyengo yake ndi yoyambira Sepitembala kufika Novembala, pamene mitengo imayoyola masamba. Mphepo zamphamvu zimayamba kubwera motsatizana kuchokera ku nyanja ya Atlantic, madzi akadali ofundako ndi kutentha kwa chilimwe chawo, ndipo alendo odzasambira achoka m'magombe. N'chifukwa chake mpikisano waukulu wa pachilumba cha Sylt ku Germany umachitika cha kumapeto kwa Sepitembala.

Ife tili kummwera kwa equator, ndiye kalendala imatembenuka. Nyengo yofanana nayo kwathu imayamba m'masika, mvula itasiya, ndipo mphepo yake ndi mwera, umene umawomba kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kulowa mu Sepitembala. Umachokera kummwera chakummawa. Gwero lake ndi mpweya wozizira wolemera umene umaunjikana kufupi ndi gombe la kummawa kwa South Africa n'kukankhidwira kuno kudzera ku Mozambique. Mpweya womwewo ndi umene umabweretsa chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. Ku Lilongwe timangoumva ngati chisanu ndi fumbi, koma ukatsikira m'chigwa cha nyanja umapeza njira yotalika makilomita oposa 550 yopanda chotchinga, mapiri uku ndi uku. Suwomba tsiku lililonse. Umagwira masiku angapo, n'kupuma, kenaka n'kuyambiranso.

Ife a ku Lilongwe tilibe nyanja. Tingapite kuti?

Kufupi kwambiri ndi ku Senga Bay. Kuchoka mu Lilongwe kufika pa Salima ndi makilomita pafupifupi 100 pa msewu wa M14, kenaka makilomita ena pafupifupi 20 kufika kumadzi. Pa galimoto ndi ulendo wa maola awiri, moti munthu wonyamuka Loweruka m'mamawa amafika dzuwa lisanakwere. Gombe lake ndi lamchenga, lotambalala, ndipo linayang'ana kummawa. Mfundo yomalizayi muisunge, tibwereranso.

Kupitirira apo kuli magombe a ku Nkhotakota, Kande ndi Chintheche. Mukamalowera kumpoto mafunde a mwera amakula, chifukwa amakhala ayenda mtunda wautali akusonkhanitsa mphamvu. Kummwera kuli Cape Maclear ndi magombe a ku Mangochi, kumene ambiri ochokera ku Lilongwe amafika podzera ku Dedza n'kutsika Khwekhwelere kupita pa Golomoti.

Musananyamuke imbirani foni malo amene mukukafikira. Funsani ngati ali ndi bolodi la ophunzira, thanga laling'ono, wophunzitsa, ndi boti la injini loti n'kukutengani zitavuta. Funsaninso za gombe lenilenilo, chifukwa mu 2024 nyanja inakwera kwambiri n'kumiza mchenga wa malo ambiri ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Pamene panali pouma chaka china pakhoza kukhala zitsa ndi zipupa pansi pa madzi.

Wailesi imati anthu asapite panyanja kukakhala mwera. Ndiye inu mukuti tizipita?

Ayi. Chenjezo la nthambi yoona za nyengo likatuluka loti kubwera mwera wamphamvu, limakhudza aliyense, kaya ndi msodzi, kaya ndi wa bolodi. Mwera wotere umadzutsa mafunde opitirira mamita 2 ndipo wamiza anthu ambiri odziwa nyanja kuposa ine ndi inu. Sitima ya Vipya inamira kufupi ndi Chilumba pa 30 Julayi 1946 n'kupha anthu 145, ndipo inali sitima yachitsulo. Amene anakulira m'mbali mwa nyanja nkhani zoterezi sachita kuwerenga m'mabuku, aliyense ali ndi wachibale kapena mnansi amene sanabwerere.

Koma mwera uli ndi misinkhu. Pali masiku amene umangopepesa, pali masiku amene umawomba mokhazikika kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye pali masiku a namondwe. Ophunzira ndi a masiku oyambawo. Apakatiwo ndi a amene adziwa kale kubwerera pamene anayambira. Omalizawo ndi okhala pagombe n'kumaonera. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti ambiri a mumzinda muno mwera timangoudziwa ngati chinthu choopa, pamene anthu a m'mayiko ena amalipira ndalama zambiri kufunafuna mphepo yokhazikika ngati imeneyi, pa madzi ofunda, opanda mchere. Tili nayo pa mtunda wa maola awiri. Chofunika n'kuphunzira kuiwerenga.

Kuiwerenga bwanji? N'chiyani chimene ndiyenera kuyang'ana choyamba?

Kumene ikuchokera. Mphamvu yake muione pambuyo. Anthu ambiri amafika pagombe n'kufunsa kuti, "Mphepo ilipo yokwanira?" pamene funso loyamba likanakhala lakuti, "Nditalephera kubwerera, mphepoyi ikandisiya kuti?"

Imani pamchenga nkhope ili kumadzi. Mphepo ikamakuwombani kumaso, ndiye kuti ikuchokera kunyanja kubwera kumtunda. Imeneyo imavutitsa poyamba chifukwa mafunde amakubwezerani pagombe, koma ngakhale mutatopa bwanji imakufikitsani kumtunda. Ikamakuwombani patsaya, ikudutsa motsata gombe, ndipo yabwino koposa ndi imeneyi, makamaka ikapendekera pang'ono cha kumtunda. Mumapita n'kubwera mosavuta. Ikamakuwombani kunkhongo, ikuchokera kumtunda kulowera pakati pa nyanja. Imeneyo musalowe nayo m'madzi, ngakhale itaoneka yofatsa.

Kuipa kwake n'kwakuti imanyenga maso. Kufupi ndi gombe madzi amakhala bata, osalala, chifukwa mitengo, nyumba ndi mapiri zatchinga mphepo. Wophunzira amaona ngati tsiku lake ndi lomweli. Akangoyenda mamita 200 kapena 300, watuluka mumthunzi wa mapiri aja, mphepo yamupeza ndi mphamvu zake zonse. Akagwa, nthawi imene akulimbana ndi kudzutsa thanga bolodi likunka kutali. Akagwanso, lapitanso. Mafunde nawo amakula mukamatalikira. Nyanja yathu malo ena ndi yotambalala makilomita 75.

Tsono tibwerere ku Senga Bay. Popeza gombe lake linayang'ana kummawa, mwera umafika chammbali n'kumakankhira kumtunda, zimene zili zabwino. Vuma, wochokera kummawa, amabwera molunjika pagombe. Woopsa kumeneko ndi zambwe, wochokera kumadzulo, ndiponso kamphepo ka usiku ndi m'mbandakucha kamene kamatsika kuchokera kumtunda nthaka ikazizira. Ku Cape Maclear zinthu zimatembenuka. Gombe la mudzi wa Chembe linayang'ana kumpoto chakumadzulo, ndiye mwera umadutsa pamwamba pa mapiri a kuseri kwake n'kulowera kunyanja. Anthu amakonda malowa nyengo ya mwera chifukwa madzi a pagombe amakhala odikha, ndipo kwa wosambira ndi zoona. Kwa wophunzira windsurfing wopanda boti lomuyang'anira, kudikha kumeneko ndi msampha. Mphepo imodzi yomweyo, tsiku limodzi lomwelo, gombe lina ikukusungani, gombe lina ikukutayani.

Nanga ndingadziwe bwanji kuti mphepo yachuluka kapena yachepa?

Yang'anani madzi. Akamangochita timakwinya popanda thovu, mphepo ili pansi pa makilomita 12 pa ola, ndipo tsiku loyamba imeneyo ndi yokwanira. Thovu loyera likayamba kuoneka mwa apo ndi apo pamwamba pa mafunde, yafika pakati pa 12 ndi 19. Wophunzira amasangalala nayo. Likachuluka, yafika pakati pa 20 ndi 28, ndipo apa odziwa amayamba kuuluka pamwamba pa madzi pamene ophunzira amayamba kuvutika. Nyanja yonse ikachita mbuu ndi thovu, mchenga n'kumalasa m'miyendo, yadutsa 30 kalekale.

Manambalawa asakunyengeni kuti kusiyana kwake n'kochepa. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu imene imakoka thanga imawirikiza kanayi. Thanga limene munaligwira ndi zala pa 15, pa 30 limakuzulani pa bolodi n'kukuponyani kutsogolo.

Onani ulosi wa a zanyengo athu, onaninso mapulogalamu a pafoni monga Windy kapena Windguru, amene nthawi zambiri amalemba liwiro mu ma knot. Knot imodzi ndi makilomita 1.85 pa ola. Koma mukafika, pitani pamene asodzi akusoka maukonde. Perekani moni bwinobwino, "Mwadzuka bwanji bambo?", ndiye mufunse kuti mphepoyi akuiona bwanji lero ndipo ikula nthawi yanji. Iwo amaona mtundu wa madzi kutali, mitambo ya kutsidya, ndi mmene mafunde akufikira mphepo isanafike. Mukaona mabwato onse akokeredwa kumtunda kwenikweni masana, yankho mwalipeza kale. Safunsa anadya phula.

Ngati mphepo ikupita mbali imodzi, munthu amabwerera bwanji?

Thanga silingokankhidwa chabe. Mphepo ikamadutsa mbali zake zonse ziwiri limakoka mofanana ndi phiko la ndege, ndipo chipsepse cha pansi pa bolodi chimaletsa bolodi kutsetsereka chammbali. Zikagwirizana ziwirizi, bolodi limayenda modutsa mphepo, ngakhalenso mokwera pang'ono cha kumene ikuchokera. Chimene sichitheka n'kulunjika kumene ikuchokera kwenikweniko. Pali mpata wa madigiri pafupifupi 45 mbali iliyonse umene thanga limangopupuma osakoka. Kuti mufike malo amene ali kumphepo mumayenda mokhotakhota, uku kenaka uku, mpaka mutafika.

Wophunzira aliyense amatsetsereka cha kumene mphepo ikupita. N'chifukwa chake musanalowe m'madzi muziyang'ana gombe la kumunsi kwa mphepo. Kodi kuli mchenga woti n'kutsikirapo n'kubwerera wapansi mukukoka bolodi m'madzi osaya? Kapena kuli miyala, bango, kapena mathiriro a mtsinje?

Tsiku loyamba zimakhala bwanji?

Mumagwa, ndipo mumagwa kambiri. Zimenezi aliyense anadutsamo.

Mumayambira m'madzi ofika m'chiuno. Bolodi liyang'ane modutsa mphepo, thanga ligone m'madzi kumunsi kwa mphepo, msana wanu uli kumene mphepo ikuchokera. Kwerani ndi mawondo, kenaka imirirani mapazi ali uku ndi uku kwa tsinde la mlongoti, pakati penipeni pa bolodi. Gwirani chingwe chodzutsira thanga. Apa m'pamene ambiri amapweteka msana, chifukwa amawerama n'kumakoka ndi mikono. Thanga logona limakhala litasenza madzi. Lidzutseni ngati mmene munthu wodziwa amanyamulira thumba la chimanga: mawondo opinda, msana wowongoka, mphamvu ichokere m'miyendo. Tsamirani kumbuyo pang'ono n'kudikira. Mumva madzi akutsika pa thanga, kulemera kukuchepa, kenaka lokha limatuluka n'kumapupuma patsogolo panu. Gwirani mlongoti ndi manja onse, pumani kaye.

Mukatero sunthirani mapazi kumbuyo kwa mlongoti, dzanja lakutsogolo ligwire boom, ndipo ndi dzanja lakumbuyo kokani pang'ono chabe. Kupupuma kuja kumaleka, thanga limadzaza, pansi pa bolodi pamayamba kumveka kaphokoso ka madzi. Mwayamba kuyenda. Maso akhale kumene mukupita, osati kumapazi. Mphamvu ikakuchulukirani, tayani dzanja lakumbuyo, osati lakutsogolo. Thanga limatseguka n'kutaya mphepo.

Ola limodzi ndi lokwanira. Zikhatho zimatuluka matuza, ndipo munthu wotopa ndi amene amalakwitsa. Ambiri akakhala ndi wophunzitsa ndi zida zoyenera amatha kupita, kutembenuka n'kubwerera pakatha masiku ochepa.

Sindidziwa kusambira bwino. Ndingayesebe?

Yambani mwaphunzira kusambira. Ambiri amene tinakulira ku Lilongwe sitinakhale ndi mwayi umenewu, ndipo palibe chamanyazi kuphunzira uli wamkulu. Muyenera kutha kusambira mamita osachepera 50 m'madzi akuya, ndiponso kusachita mantha mutu ukamira. Nthawi zina thanga limakugwerani pamwamba muli m'madzi. Zikatero musalimbane nalo, gwirani m'mphepete mwake n'kutulukira kumbali. Jekete yoyandamitsa muzivala nthawi zonse, ngakhale mutakhala katswiri wosambira.

Zida zake ndi ziti, ndipo zimapezeka?

Mabolodi amayezedwa mu malita, ndipo lita imodzi imayandamitsa kilogalamu imodzi. Munthu wa makilogalamu 70 amafunika bolodi la malita 160 kufika 200 pophunzira, lotambalala, lokhala ndi chipsepse chachikulu chapakati chimene chimathandiza kukwera cha kumphepo. Thanga la wophunzira wamkulu likhale la masikweya mita pakati pa 3.5 ndi 5. Mlongoti umatalika mamita 4 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo umagawika pawiri ponyamula. Lamba wa ngowe wokolekera ku boom ndi wa mtsogolo, mukadziwa kale kuyenda.

Zatsopano ndi zodula. Seti yathunthu imadutsa madola 1,000, musanawerengere zonyamulira kuchokera ku South Africa kapena ku Ulaya ndi msonkho wa MRA. Langizo langa n'lakuti musagule kanthu musanaphunzire pa zobwereka. Mukafuna kugula, funani zogwiritsidwapo kale ntchito kwa anthu amene akuchoka m'dziko muno kapena ku malo a alendo amene akusintha zida, ndipo anthu atatu kapena anayi akhoza kusonkherana seti imodzi.

Chenjerani ndi mabolodi akalekale aatali, opyapyala, amene akhala m'galaja zaka zambiri. Otchipa inde, koma amagwetsa ulesi wophunzira chifukwa sakhazikika. Pogula onani ngati bolodi lili ndi ming'alu yolowetsa madzi. Pindani kachipangizo kolumikiza mlongoti ndi bolodi kaja muone ngati labala wake wayamba kung'aluka, chifukwa kakaduka muli pakati pa madzi, thanga ndi bolodi zimasiyana. Thanga la pulasitiki yoonekera limapsa ndi dzuwa lathuli, ndipo likayamba kuchita mbuu n'kumalira ngati pepala louma, latsala pang'ono kung'ambika.

Nyanja yathu ndi yofunda. Zovala zapadera n'zofunikiranso?

Madzi ake mu Juni ndi Julayi amakhala pa madigiri 23 kapena 24, ndipo ukakhala m'katimo umamva bwino. Kuzizira kumabwera ukaimirira pa bolodi uli wonyowa, mwera n'kumakupyoza. Pakatha theka la ola mano amayamba kugundana, zala osagwiranso boom bwino. Wetsuit (chovala chothina cha labala chosunga kutentha kwa thupi) yaifupi, yochindikala mamilimita 2 kapena 3, imakwanira. A ku Ulaya nyengo yawo ija amavala ya mamilimita 4 kapena 5, yofika kumapazi. Ikasowa, valani malaya a masewera ouma msanga ndi kajekete kotchinga mphepo, osati thonje. Nsapato zopyapyala za m'madzi zimateteza ku miyala ndi mbedza zotayika. Dzuwa la Julayi limawotcha ngakhale kukuzizira.

Nanga likodzo, ng'ona ndi mvuu?

Likodzo liliko ndithu. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka malo a bango ndi udzu ndiponso kufupi ndi midzi, n'kulowa pakhungu. Wophunzira amakhala nthawi yaitali m'madzi osaya omwewo. Sankhani gombe lamchenga lotseguka kumene mafunde amamenya, komabe musadalire zimenezo zokha. Pakatha miyezi iwiri chichokereni kunyanja pitani kuchipatala mukayezetse, ngakhale musanaone magazi mumkodzo. Mankhwala ake, praziquantel, amapezeka ndipo amachiza, koma sagwira bwino ntchito tizilombo tikadali tating'ono, n'chifukwa chake kumwa tsiku lomwe mwachoka m'madzi sikuthandiza.

Ng'ona ndi mvuu zimakonda mathiriro a mitsinje, madambo ndi mabango. Ku Salima kumbukirani kuti Linthipe amathira m'nyanja chakummwera kwa Senga Bay. Funsani eni mudzi malo oyenera kupewa, ndipo musakhale m'madzi m'mbandakucha kapena dzuwa likamalowa.

Kodi asodzi sitingasokonezane nawo?

Zikhoza kutheka, ndipo wopatuka ndinu. Inu mwabwera kudzasewera, iwo ali pantchito yodyetsa mabanja. Chipsepse cha bolodi chikakola ukonde chimaung'amba, ndipo ukonde ndi ndalama zambiri. Matchera amatchedwa m'madzi ndipo chizindikiro chake nthawi zambiri chimangokhala kabotolo kapena kachidutswa koyandama. Mukaona tingapo tandandalikana, zungulirani kutali. Musadutse pakati pa bwato ndi gombe pamene anthu akukoka khoka. Musasiye zida panjira imene amayi amatsikira kukachapa kapena kutunga madzi. Mukawononga kanthu, pitani mukapepese ndi kulipira tsiku lomwelo. Tsiku limene mlongoti udzakuthyokereni kutali, amene adzayambe kukuonani ndi anthu omwewa.

Mukakumana ndi mnzanu wa bolodi maso ndi maso, amene dzanja lake lamanja lili kufupi ndi mlongoti ndiye amapitiriza, winayo amapatuka. Osambira onse apatseni mpata waukulu.

Chitathyoka china ndili kutali, kapena mphepo itandikulira, nditani?

Musasiyane ndi bolodi. Ngakhale gombe litaoneka pafupi, musayese kusambira. Bolodi silimira, limaoneka patali kuposa mutu wa munthu m'mafunde, ndipo mphepo imalithamangitsa kuposa mmene mungasambirire. Mukagwa, choyamba kugwira ndi bolodi, thanga pambuyo.

Khalani pa bolodi, thanga lili m'madzi, chifukwa limachedwetsa kutengeka. Itanani thandizo msanga, musadikire mphamvu zithe. Chizindikiro chodziwika ndi kukweza ndi kutsitsa manja onse awiri motambasula, pang'onopang'ono, mobwerezabwereza. Wezulo womangirira pa jekete amamveka patali kuposa mawu. Mphepo ikangotha zii, gonekani boom ndi thanga pamwamba pa kumbuyo kwa bolodi kuti zisakhudze madzi, gonani chafufumimba kutsogolo n'kumapalasa ndi manja. Ngati palibe wobwera ndipo thanga likukulepheretsani kufika kumtunda, limasuleni mulitaye.

Zonsezi zimaphweka ngati pagombe pali munthu amene akukuyang'anani, wodziwa nthawi imene munati mubwerera ndiponso wodziwa mwini boti la injini amene angamuthamangire. Musalowe m'madzi nokha popanda munthu wotere, ndipo muzituluka kukadali maola awiri dzuwa lisanalowe. Mu Juni limalowa isanakwane 6 koloko.

Ndikadzapita ku nyanja yamchere, monga ku Mozambique, n'chimodzimodzi?

Kagwiridwe ka thanga n'kamodzi, koma pali zatsopano. Chachikulu ndi kukwera ndi kuphwa kwa madzi, kumene kumachitika kawiri pa tsiku. Ku Beira madzi amatha kusintha ndi mamita oposa 5, moti pamene munayambira m'mawa masana pamakhala matope okhaokha. Madzi akamatuluka amakoka ngati mtsinje, makamaka pa mathiriro ndi pakati pa zilumba, ndipo akhoza kukutengani ngakhale mphepo ili bwino. Funsani ndandanda ya nthawi zake musanalowe. Palinso miyala ya korali yocheka mapazi ndi zipsepse.

Madzi amchere amayandamitsa kuposa athu pang'ono, pafupifupi magawo awiri ndi theka pa 100 alionse. Mafunde ake amabwera motalikirana, pamene a nyanja yathu ndi afupiafupi, ogundana, otopetsa mawondo. Amene waphunzira pa mafunde a mwera savutika kwina. Zida muzitsuka ndi madzi abwino mukachoka mumchere. Nyengo zakenso zimasiyana: ku Zanzibar mphepo ya Kusi imawomba miyezi yofanana ndi mwera wathu, pamene ku Cape Town ndi Langebaan mphepo yawo yamphamvu ndi ya Novembala mpaka Febuluwale.

Ndi masewera a anyamata amphamvu okha?

Ayi. Ndi zida zoyenera msinkhu, chofunika ndi kukhazikika ndi kuleza mtima. Amuna amphamvu nthawi zambiri amachedwa kuphunzira chifukwa amafuna kugonjetsa thanga ndi mikono, pamene amayi ndi ana amafulumira kuzindikira kuti kulemera kwa thupi ndiko kumagwira ntchito. Ana odziwa kusambira amayamba ndi timatanga ta masikweya mita 1 kapena 2. Robby Naish wa ku Hawaii anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi mu 1976 ali ndi zaka 13. Amene ali ndi vuto la msana, la mtima kapena khunyu ayambe aonana ndi dokotala.

Ndimalakalaka kwambiri ana a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja atapeza mwayi umenewu. Mwana amene amaimirira m'bwato lamtengo mafunde akumenya, osagwa, ali kale ndi theka la luso limene ena amalivutikira miyezi.

Nanga damu la ku Malingunde? Si pafupi kuposa Salima?

Ndi pafupi, ndipo madzi opanda mafunde amathandiza pophunzira kudzutsa thanga ndi kutembenuka. Koma madamu a Kamuzu ndi amene amasunga madzi akumwa a mzinda uno pansi pa Lilongwe Water Board, ndiye simalo ongofika n'kuponya bolodi popanda chilolezo. Mphepo ya padamu imabweranso modukizaduka chifukwa cha zitunda ndi mitengo yozungulira. Komanso Lilongwe ali pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuchokera pa msinkhu wa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 474, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepukirapo, moti thanga lomwelo limakoka mochepa pang'ono.

Mwera ukatha, ndiye kuti basi mpaka chaka chamawa?

Ayi. Mu Sepitembala, Okutobala ndi Novembala nthaka imatentha kwambiri masana, ndipo mpweya wa panyanja umayamba kulowera kumtunda. Ku magombe a ku Salima ndi Nkhotakota imeneyi ndi mphepo yobwera pagombe, madzi ali ofunda, ndipo kwa woyamba kumene miyezi imeneyi ndi yabwino kuposa Julayi. Amene waphunzira m'chilimwe amafika mu Meyi wotsatira ali wokonzeka kulawa mwera wofatsa.

M'dzinja mphepo imatembenuka n'kumachokera kumpoto, ndipo siikhazikika. Mvula ya mabingu imabwera ndi chimphepo chadzidzidzi chochokera mbali iliyonse. Mukaona mtambo wakuda ukukwera kapena mukamva kugunda, tulukani m'madzi nthawi yomweyo, chifukwa munthu wogwira mlongoti wa mamita 4 pakati pa nyanja ndiye chinthu chachitali kuposa zonse pamalopo. Miyezi imeneyi ambiri amangosunga zida. Thanga liume kaye musanalikulunge, lisungidwe mumthunzi kumene makoswe safika, ndipo bolodi lisasiyidwe padenga la galimoto padzuwa, chifukwa kutentha kumalifufumitsa n'kulisenda khungu.